Alima Apatsa Moyo Bambo Dzulo

1. Ngwazi zitatu zopanda mdani

Pa sukulu ya sekondale imene Alima ankaphunzira ku Dunoon, dera la mu mzinda wa Cape Town, m'chaka cha 2016, panali buku limodzi limene ana ankalimbirana kuposa mabuku onse a aphunzitsi. Linali kope wamba la chikuto chakuda. M'kati mwake munali zithunzi za nkhondo zokhazokha.

Eni ake a kopelo anali atatu. Woyamba anali Lwazi, mnyamata wamtali wobadwira konkuno, amene akalankhula anzake ankangoti inde. Ngwazi yake inali Mphezi, munthu woyamwa magetsi m'mawaya aja olendewera pamwamba pa Dunoon n'kumalavula moto. Wachiwiri anali mtsikana wotchedwa Anathi. Iyeyu ankajambula Mayi Mphepo, amene akangouzira kamodzi madenga ankauluka. Wachitatu anali Bizwick, Mmalawi mnzathu wa ku Ntcheu, koma pa sukulu ankadzitcha Bizi, ndipo Chichewa ankachithawa ngati chimuwotcha pakamwa. Ngwazi yake inali Chitsulo, chimunthu cha zibakera za injini ya minibasi.

Teremu imeneyo atatuwa anagwirizana zoika ngwazi zawo zonse m'nkhani imodzi. Koma ngwazi zitatu zimenyana ndi ndani? Ankafuna mdani woopsa, wotha kuyenda m'nthawi, wochokera kalekale kudzasokoneza lero. Tsoka lake, pa atatu onsewo panalibe wodziwa kujambula nkhope. Nkhope za Lwazi zinkatuluka ngati mbatata.

Wodziwa nkhope anali Alima. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anachoka ku Mangochi ali wamkulu kale, moti Chizungu chake chinkamvekabe Chiyao. Pa nthawi yopuma ankadya yekha kuseri kwa kalasi. Dzina lake ambiri sankalidziwa, ankangoti kwerekwere uja wa mpango, dzina lonyozera anthu obwera kuchokera kunja.

Tsiku lina analimba mtima. Anapita pamene panakhala atatuwo atanyamula pepala. Anali atajambula ngwazi yakeyake, Namakutu, mtsikana wa mpango womva zilankhulo zonse za pa dziko.

Lwazi analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anaona kuti dzanja ili si lamasewera. Kenako anaseka.

"Ngwazi yako ili ndi mapepala olowera m'buku muno?" anafunsa. Anathi anaseka mpaka kugwira pamimba. Bizwick anasekanso, mokweza kuposa onse.

"Ngwazi za kunja sitilandira," anapitiriza Lwazi. "Koma mdani ndiye akhoza kuchokera kwanu. Utibweretsere mdani woti mwana akamuona alephere kugona. Ukatero uzikhala nafe pano."

Mwana wina akanalavula n'kuchokapo. Koma kudya wekha tsiku ndi tsiku kumawawa, abale. Alima anangoti, "Ndibweretsa."

2. Munthu wa m'nyumba

Alima ankakhala ndi mayi ake, a Aishah, m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya eni malo. Mayiwo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Sea Point. Ankachoka m'mawa pa takisi, n'kubwera atatopa ngati awapuntha.

M'kanyumbamo munalinso Che Maulidi, amalume awo a mayi ake, amene Alima ankawaitana kuti agogo. Iwowa anabwera ku Joni ali mnyamata kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo anatchona. Mkazi amene anakwatira kuno atamwalira, anthu a kumudzi anawapeza akungoyendayenda, mutu utayamba kusokonekera. A Aishah anawatenga.

Masiku ena agogo ankakhala bwinobwino. Masiku ena ankadzuka ali m'chaka china. Ankasolola pansi pa bedi chipewa cholimba cha ku mgodi, cha nyali yakufa kalekale, n'kuchivala pamwamba pa kofia, n'kumafunsa ngati anzawo atsika kale. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zala zitatu.

Nkhani ya zalazo Alima ankaidziwa. Tsiku lina mwala unagwa mu mgodi n'kukwirira mng'ono wawo Shaban. Pansi pamenepo, ngozi ikachitika, anthu ankamenya chitsulo pa paipi kuitana anzawo. Che Maulidi anakumba ndi manja mpaka zala ziwiri zinathera pomwepo, koma Shaban sanatuluke. Kuyambira pamenepo kulira kwa chitsulo kunkawabwezera ku tsiku limenelo. N'chifukwa chake m'nyumba ya a Aishah ngakhale chivundikiro cha poto ankachiika pansi mwaulemu.

Loweruka lililonse mayi ake asananyamuke ankabwereza mawu omwewo.

"Alima, tamvera kuno. Ine ndikupita kukakolopa nyumba za eni, iwe ndakusiyira munthu. Si katundu ameneyu, ndi munthu. Amalume angawa ndi amene ankatumiza zovala kumudzi mayi anga ali pa umphawi, ndipo lero alibe wina koma ife. Geti ukhome. Ukapita kumpopi, ukhome. Wina akagogoda, uyambe wafunsa. Amalumewa akangotuluka pa geti ili sadzaidziwanso njira yobwerera, chifukwa m'mutu mwawo Dunoon mulibe, muli mgodi. Msewu waukulu uli pafupi apa, ndipo magalimoto a pamenepo saimira munthu. Ndipo chitsulo usamenye, ngakhale mwangozi. Wamva? Galu wamkota sakandira pachabe, mwanawe."

"Ndamva, amayi," ankayankha Alima, maso ali kwina.

3. Nkhope

Madzulo a tsiku limene analankhula ndi Lwazi, Alima anayesa kujambula mdani. Anajambula wa nyanga, n'kung'amba. Anajambula wa mapiko, n'kung'ambanso. Zonsezo zinali zoseketsa, osati zoopsa. Dzanja lake linkadziwa kujambula chimene maso aona, basi.

Atadzutsa mutu anaona agogo atakhala pakhomo, chipewa chija kumutu, dzuwa likuwawomba mbali imodzi ya nkhope. Ndevu zoyera. Chipsera chotsika kuchokera pa diso. Zala zitatu zili pa bondo.

Pensulo inayenda yokha.

Asanamalize, agogo anatembenuka. Ngakhale anali atavala chipewacho, nthawi imeneyo mutu unali utabwerera m'malo, ndipo anamudziwa.

"Ukulemba chiyani, mdzukulu wanga? Tabweretsa."

Anagwira pepalalo patali ndi maso, n'kumwetulira. "Ha! Ndine ameneyu? Ndakalamba chonchi? Dzanja uli nalo, mwana iwe, Mulungu anakupatsa. Koma ndikuuze zimene anatiuza ashehe ku madarasa tili ana. Ankati wojambula nkhope ya munthu, pa tsiku la chiweruzo adzamuimika patsogolo pa chithunzi chake n'kumuuza kuti, chipatse moyo chimene unapangachi. Ife tinkaseka, tinkati pepala lingapume bwanji? Koma ndakhala m'dziko la eni zaka zambiri, ndaona. Munthu akakujambula m'mutu mwa anzake kuti ndiwe galu, mawa anzakewo amabwera ndi miyala. Chithunzi chimadzuka, mwana wanga, chimayenda ndi miyendo. Ndiye ukajambula munthu, uzimujambula moti ukadzakumana nacho chithunzicho pa njira usadzathawe."

Anamubwezera pepalalo, n'kumusisita pamutu ndi zala zitatu zija.

Alima anadikira kuti agogo alowe m'nyumba. Kenako anatenga pensulo n'kutalikitsa mano. Maso anawadetsa. Zala zitatu anazisandutsa zikhadabo. Koma chipsera, ndevu ndi chipewa anazisiya momwemo. Pansi pake analemba dzina: Bambo Dzulo.

4. Nkhondo ya pa pepala

Ku sukulu Lwazi atangoliona pepalalo anaimba mluzu. Anasendera n'kumupatsa Alima malo pa benchi. Kwa nthawi yoyamba mtsikanayo anadya mkate wake pakati pa anthu.

Nkhani inakoma, tisaname. Bambo Dzulo ankatuluka m'dzenje pakati pa Dunoon, kuchokera m'zaka zimene makolo a anawo anali asanabadwe. Nyali ya pa chipewa chake ikamuunika munthu, munthuyo ankabwerera m'mbuyo. Inaunika Mphezi, ndipo Mphezi anapezeka m'chaka chimene kunalibe magetsi, akuyamwa mawaya ouma. Inaunika Chitsulo, injini zake zinasanduka ngolo ya abulu. Mayi Mphepo anauzira mpaka kutopa, koma pansi pa nthaka mphepo siifika. Ngwazi zitatuzo zinayenera kugwirana manja kuti zimubwezere m'dzenje lake n'kutsekapo ndi mwala.

Kopelo linazungulira makalasi onse. Ana amene kale sankamupatsa moni Alima anayamba kumuitana ndi dzina lake lenileni.

Ndiye tsiku lina Anathi anafunsa, "Koma nkhope imeneyi unaitenga kuti? Ikuoneka ngati ya munthu weniweni."

Alima asanayankhe, Bizwick analowererapo. Iyeyu ankawadziwa Che Maulidi, chifukwa mayi ake ndi a Aishah ankakwera takisi imodzi. "Ndi weniweni," anatero m'Chizungu. "Alipo mdala wina wopenga kumene amakhala uyuyu. Chipewa chomwechi amavala."

Ananena zimenezo akumuyang'ana Alima m'maso, kudikira kuti aone ngati aulule.

"Ndi wachibale wako?" anafunsa Lwazi.

"Ayi," anatero Alima. "Ndi mkulu wina woyandikana nafe."

Lwazi anawomba m'manja. "Basi! Loweruka tijambula filimu pa foni. Ngwazi zitatu ndi Bambo Dzulo weniweni. Iwe ntchito yako ndi kumutulutsa. Ukatha zimenezo, Namakutu wako uja alowa m'buku lotsatira."

Namakutu alowa m'buku! Mawu amenewo anamutsekemera Alima ngati uchi. Sanafunse n'komwe kuti ngwazizo zikamuchita chiyani munthuyo.

5. Geti

Loweruka linafika. A Aishah ananena mawu awo aja n'kunyamuka. Dzuwa litakwera, Alima anamva mluzu kunja kwa mpanda.

Anasuzumira. Lwazi anali atadzikulunga mawaya akale m'mikono. Anathi anamanga nsalu ya bedi m'khosi. Bizwick anavala zitini za penti m'manja. Kumbuyo kwawo kunali gulu la ana a m'misewu yapafupi, ena atanyamula mabotolo odzaza mchenga.

"Ali kuti?" anafunsa Lwazi.

Agogo anali m'nyumba, akumwa tiyi mwakachetechete. Tsiku limenelo anali Che Maulidi wamba, wa kofia ndi tasibihi, mikanda yawo yopempherera, m'manja. Alima anawauza kuti atuluke akawothere dzuwa ku msewu. Iwo anakana. "Mayi ako anati tisatuluke," anatero, ngati mwana womvera.

Alima anabwerera ku mpanda. "Akukana."

"Ndinadziwa," anatero Lwazi. "Makwerekwere pakamwa pokha. Tiyeni tizipita, anzanga. Lolemba ubwerere kuseri kwa kalasi kwako kuja."

Apa ndiye panali posankha. Alima akanatha kuwasiya apite. Akanadya yekha Lolemba, inde, koma kudya wekha sikupha munthu. Iye anati, "Dikirani. Ndikudziwa chowatulutsa."

Anakhomola geti n'kulitsegula lonse. Anatola kachitsulo kamene eni nyumba ankatsekera zenera. Pafupi ndi mpopi panali paipi yoimirira. Anaimenya.

Ngwee! Ngwee! Ngwee!

M'nyumba kapu inagwa.

Anamenyanso, mwamphamvu. Kenako, chifukwa choipa chikayamba sichikhuta, anafuula ndi mawu aakulu, "Mwala wagwa! Shaban ali pansi!"

Che Maulidi anatuluka akuthamanga, chipewa chili chopendekeka kumutu, phazi limodzi lopanda nsapato. Munthu amene ankavutika kudzuka pa mpando anadutsa pa geti ngati mnyamata. Ana anakuwa ndi chimwemwe. Lwazi anamuponyera Alima foni.

"Iwe ndiwe wa maso abwino. Jambula!"

6. Nkhondo ya pa dzala

Kumapeto kwa msewu wawo kunali mulu wa zinyalala ndi zidutswa za njerwa. Agogo anafika pamenepo n'kugwada. Anayamba kukumba ndi manja.

"Shaban! Shaban, yankha! Ndafika, mng'ono wanga, usagone!"

Ana a konkunowo Chichewa sankachimva. Kwa iwo Bambo Dzulo ankakumba dzenje lake lobwererera ku zaka zakale, ndendende ngati m'buku. Lwazi analumpha patsogolo n'kukuwa kuti, "Mphezi!" Anawakwapula ndi waya pamsana. Anathi anazungulira ndi nsalu yake akuwaza mchenga m'maso mwawo. Bizwick anawomba zitini zake pafupi ndi khutu lawo, ndipo kulira kwa zitinizo kunangowonjezera moto. Nkhalambayo inakumba mofulumira, magalasi osweka akuicheka m'manja.

Sanabwezere ngakhale kamodzi. Ankangophimba dzenjelo ndi thupi lawo kuti mchenga usagwere Shaban.

Botolo loyamba linagunda chipewa n'kumveka kuti pho! Ana anafa nacho chiseko. Ndipo Alima, foni ili m'manja, anaseka nawo. Tisamubisire, anaseka. Anathi anali atamukoleka dzanja paphewa ngati mnzake wa kalekale, ndipo iye anaseka kuti dzanjalo lisachoke.

Pamenepo agogo anadzutsa mutu. Anayang'ana nkhope zonsezo, zachilendo zokhazokha, mpaka anapeza imodzi yoidziwa.

"Alima! Mdzukulu wanga, Mulungu wakutuma. Taya chimenecho, bwera undithandize. Manja anga atha. Itana anthu, Shaban akupumabe!"

Anatambasula dzanja la zala zitatu lija, magazi akutsika mpaka pa chigongono.

"Akuti chiyani?" anafunsa Lwazi. "Watchula dzina lako."

Pa gulu lonselo, womva mawuwo anali Alima ndi Bizwick basi. Bizwick anatsitsa zitini zake, n'kuyang'ana pansi.

"Akutukwana," anatero Alima. "Akuti atibwezera tonse ku dzulo."

"Mwamva?" anakuwa Lwazi. "Ngwazi, pamodzi! M'bwezereni kwawo!"

Mabotolo anagwa ngati matalala. Wina anaponya chidutswa cha njerwa. Che Maulidi anaimirira akudzandira, akuyang'anabe Alima, osamvetsa. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuthawa, akukuwa kuti akukaitana a kapitawo a mu mgodi. Gulu lonse linawathamangira, kukhota pa ngodya, kulowa m'tinjira ta pakati pa tinyumba. Lwazi anatsomphola foni yake m'manja mwa Alima n'kuthamanga nawo.

Alima anatsala yekha pa dzalapo. M'kadzenje kamene agogo anakumba munali tasibihi yawo, itaduka.

7. Mawu a m'foni

Anabwerera kunyumba. Anadziuza kuti anawo akatopa awasiya, ndipo agogo abwera okha. Anatola zidutswa za kapu. Anasesa. Anayala bedi la agogo bwinobwino, ngati kuti bedi loyala limaitana mwini wake. Geti analisiya lotsegula.

Dzuwa linapendeka. Palibe anabwera.

Amene analowa pa getipo anali mayi ake, nthawi yawo yofikira isanakwane, atavalabe yunifolomu ya kuntchito. Chikwama analibe. M'manja munali foni yokha.

Filimu ija inali itayenda kale. Lwazi anaitumiza kwa anzake, anzakewo kwa azichemwali awo, mpaka inagwera m'gulu la pa foni la amayi a ku Mangochi okhala mu Cape Town. A Aishah anaiona ali chogwada, akukolopa bafa la abwana.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoimirira pakati pa nyumba n'kuitsegula filimuyo, mawu ali pamwamba. Munamveka amalume awo akuitana Shaban. Munamveka botolo likugunda chipewa. Kenako, pafupi penipeni ndi foniyo, munamveka kuseka kwa mtsikana.

A Aishah anaibwezera m'mbuyo, n'kuimvetseranso. Anaibwezeranso kachitatu.

"Kuseka uku ndikukudziwa," anatero motsitsa. "Ndinakumva koyamba uli kumsana kwanga. Nkhope yako m'filimumu mulibe, koma amayi onse a kwathu amva amalume akutchula dzina lako, ndipo amva chimene unayankha. Ndinakusiyira munthu, Alima. Amalume sathamanga chonchi asanamve kulira kwa chitsulo. Anachimenya ndani?"

Alima anayang'ana ku paipi ija ya pa mpopi.

"Sindikufunsanso. Amalume anga ali kuti?"

"Odi! Odi kuno, amayi!"

Linali liwu la mnyamata, m'Chichewa chomveka bwino cha ku Ntcheu, chimene Alima anali asanachimvepo pakamwa pa mnyamatayo. Pa geti panaima Bizwick, wopanda zitini, akupuma mwa wefuwefu. Anagwada pa fumbi pomwepo monga amachitira mwana wa kumudzi, ndipo anapereka ndi manja awiri chimene ananyamula.

Chinali chipewa cha ku mgodi, chitang'ambika pakati.

"Pepani, amayi," anatero, misozi ikutsika. "Ndachitola m'mbali mwa msewu waukulu. Anzanga onse athawa. Magalimoto aima, ndipo anthu aunjikana."

A Aishah analandira chipewacho. Sanalire. Anatembenuka n'kuchiika m'manja mwa Alima, n'kumupanikiza zala kuti achigwire.

"Nyamula," anatero. "Chithunzi chija unachijambula ndiwe. Tiye ukachione kumsewuko."